Kutsata mabwinja ndi mapu akale ku Lilongwe

Midzi yathu kuno ku Lilongwe sinakhale pamodzimodzi chikhalire. Mudzi umene lero wandanda m'mbali mwa msewu wa ku Mitundu kapena wa ku Kasiya, nthawi ya Chitaganya mwina unali kutsidya kwa dambo, pafupi ndi chitsime chimene pano chinakwiririka. Anthu ankasamuka nthaka ikaguga, maliro akachuluka, pachibale pakabuka mkangano, ndipo nthawi zina boma likafuna malowo. Odziwa pamene panali mudzi woyamba ndi agogo ochepa amene atsala, ndipo chaka ndi chaka tikuwaperekeza kumanda nkhani zawo zisanalembedwe. Mapu akale angatithandize kupulumutsako zina mwa nkhanizi. Koma ndineneretu kuti mapu paokha sangakuuzeni mbiri ya mudzi wanu. Anawajambula ndi anthu obwera, ambiri a iwo ali mu ofesi kutali, akuyang'ana zithunzi zojambulidwa m'ndege. Phindu lawo limaoneka mukawayala pamphasa pamaso pa munthu wamkulu, kenako n'kudzuka naye kukaponda pamalopo. Malangizo onse ali m'munsimu akulozera kumeneko.

Choyamba: chepetsani dera

Musayambe ndi dera lonse la mfumu yaikulu Chadza kapena Kabudula, mungatope musanapeze kanthu. Tengani mudzi umodzi ndi malo ouzungulira amene mungawayende wapansi tsiku limodzi. Gulani kope, ndipo musanaone mapu alionse lembani zimene mukudziwa kale: dzina la mudzi, maina a amene akhalapo pa unyakwawa motsatana, mitsinje ndi madambo, kumene kuli manda, tchalitchi, sukulu ndi msika. Lembaninso funso limodzi limene mukufuna liyankhidwe, monga lakuti mudzi unali pati njala ya 1949 isanagwe, kapena njira yakale ya kumishoni inkawolokera pati mtsinje.

Chachiwiri: pezani mapu a zaka zosiyana

Mapu ofunika kwambiri pa ntchitoyi ndi a sikelo ya 1:50,000, kutanthauza kuti masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi pansi. Mu 1946 boma la Britain linakhazikitsa bungwe lojambula mapu a maiko amene linkawalamulira, Directorate of Colonial Surveys, limene mu 1957 linasintha dzina kukhala Directorate of Overseas Surveys. N'chifukwa chake m'mphepete mwa mapu ambiri akale mumapeza zilembo D.O.S. Ntchitoyi inapitirira ngakhale dziko litalandira ufulu mu 1964, ndipo Dipatimenti ya Surveys ya boma lathu inadzatulutsanso mapu omwewo atakonzedwa. Choncho dera limodzi limatha kukhala ndi mapu awiri kapena atatu a zaka zosiyana, ndipo kusiyanako ndi kumene mukufuna. Mapu a chaka chimodzi amangoonetsa mmene zinalili. Awiri amaonetsa chimene chinasuntha.

Pepala lililonse limatenga dera la makilomita pafupifupi 27 mbali iliyonse, ndipo lili ndi nambala yake. Tauni ya Lilongwe ili pa pepala 1333D4, Chitedze pa 1333D3, Malingunde pa 1433B1, Bunda pa 1433B2, Nkhoma pa 1434A1. Manambala anayi oyambawo ndi madigiri: 1333 ndiye kuti madigiri 13 kumwera ndi 33 kum'mawa. Mukadina nthawi yaitali pa mudzi wanu mu Google Maps, foni ikupatsani manambala ngati -13.98 ndi 33.78. Alembeni m'kope, mukawaonetse kwa ogulitsa mapu, akakupezerani pepala loyenera. Mudzi ukakhala m'mphepete mwa pepala, tengani ndi loyandikana nalo lomwe.

Poyambira ndi ku Dipatimenti ya Surveys, imene ili pansi pa unduna woona za malo ndipo ili ndi ofesi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Mukangoti mukufuna mapu akupatsani atsopano, ndiye nenani momveka kuti mukufunanso otulutsidwa kale, ndipo funsani ngati zilipo zithunzi za m'ndege za dera lanu. Zambiri mwa zithunzi zimene bungwe la D.O.S. linkagwiritsa ntchito zikusungidwanso ku Edinburgh, ku National Collection of Aerial Photography. Musanyoze malo apafupi: m'maofesi a alangizi a zaulimi, a zankhalango, m'masukulu akale ndi kumamishoni mumapezeka mapu opachikidwa pakhoma kapena okulungidwa pamwamba pa kabati, ofiirira ndi fumbi koma athunthu. Pemphani mwaulemu kuti muwajambule ndi foni.

Ku Zomba kuli National Archives of Malawi, kumene kuli mabuku amene mabwanamkubwa a boma lililonse ankalembamo za mafumu, midzi ndi misonkho, nthawi zina ndi timapu tojambula pamanja pa maulendo awo. Dziwani kuti moto unatentha maofesi a boma ku Zomba mu 1919, kotero zolemba za zaka zoyambirira n'zoperewera. Ku Blantyre, laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House nayo ili ndi mapu ndi zithunzi zakale. Pa intaneti, tsamba la Old Maps Online limakulozerani mapu osungidwa m'malaibulale akunja. Pa mapu a zaka zoyambirira za atsamunda dera lathu lino limalembedwa Central Angoniland, ndipo Mchinji ndi Fort Manning. Mapu otere ndi abwino poona njira zikuluzikulu ndi maina a mafumu, koma musawakhulupirire pa malo enieni a mudzi, chifukwa ambiri anachokera ku zimene munthu anayerekeza ali paulendo.

Pojambula ndi foni, yalani mapu pansi pamthunzi, foni iyang'ane pansi mowongoka, osati chopendeka. Jambulani pepala lonse kaye, kenako zigawozigawo, ndipo m'mphepete monse musasiye.

Chachitatu: werengani m'mphepete musanayang'ane pakati

Aliyense akalandira mapu maso amathamangira kufuna dzina la mudzi wake. Dziletseni pang'ono. Pansi pa pepala, m'zilembo zing'onozing'ono, pamalembedwa chaka chimene zithunzi za m'ndege zinajambulidwa, chaka chimene anthu anapita kukatsimikiza ndi kufunsa maina, ndi chaka chimene mapu anasindikizidwa. Zaka zitatuzi zimatha kutalikirana kwambiri. Chimene mapu akuonetsa ndi dziko la chaka cha zithunzi, osati cha kusindikiza. Ndiponso akamakonza mapu kachiwiri, kawirikawiri ankangowonjezera misewu ndi nyumba zikuluzikulu, midzi n'kuisiya mmene inalili. Mukaphonya apa mudzanena kuti mudzi unali pamalo ena mu chaka chimene anthu anali atasamukapo kalekale.

Kenako sikelo. Pa 1:50,000, masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi pansi, ndipo milimita imodzi ndi mamita 50. Bwalo la mpira lonse ndi mamilimita awiri okha. Ndiye kadontho koimira nyumba sikakuuzani pamene panali khomo la agogo anu, kakungosonyeza kuti cha pamenepa panali nyumba. Njira yokhotakhota muiyeze ndi ulusi, ulusiwo muuike pa rula.

Onaninso ngati mizere yosonyeza kukwera ndi kutsika kwa malo ili m'mafiti kapena m'mamita. Tauni ya Lilongwe ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, choncho mukaona manambala ngati 3,400 kapena 3,600 pa mizereyo, amenewo ndi mafiti. Mizere ikathithikana ndiye kuti malo ndi otsetsereka kwambiri, ikatalikirana ndi chidikha. Ikamadutsa mtsinje imapanga nsonga yoloza kumene madzi akuchokera. Pomaliza werengani bokosi la zizindikiro ndipo mulembe m'kope tanthauzo la chilichonse m'Chichewa: tchalitchi, sukulu, msika, khoti, dibi la ng'ombe, mjigo, nyumba yogona alendo a boma, njira ya miyendo, msewu wodutsika chilimwe chokha.

Chachinayi: gwirani zinthu zosasuntha

Kuti mapu akale agwirizane ndi dziko la lero, mukufunika malo anayi kapena asanu amene mukutsimikiza kuti ali pomwe analili. Mapiri ngati Bunda, Ngala ndi Nkhoma ndi odalirika. Pokumana mitsinje iwiri napo m'pabwino, ngakhale timitsinje tating'ono ta m'madambo timasintha njira madzi akasefukira. Tchalitchi chakale cha njerwa, mlatho wa simenti ndi mphambano ya misewu ikuluikulu zimathandizanso, bola mufunse ngati sizinamangidwenso pena.

Koma kuno kwathu mboni yoposa zonse ndi manda. Mukatsegula chithunzi cha setilaiti cha chigwa cha Lilongwe, mudzaona minda yoyera mbee, ndipo apo ndi apo timagulu ta mitengo tobiriwira bii. Tambiri mwa timeneti ndi manda. Mudzi umasamuka, manda amatsala, ndipo anthu amapitiriza kunyamula maliro kubwerera komweko ngakhale kutalike. Choncho mukapeza manda amene ali kutali ndi mudzi umene umaikako maliro, funsani chifukwa chake, poti kawirikawiri bwinja lili chapafupi ndi mandawo. Midzi iwiri kapena itatu ikamaika m'manda amodzi, nthawi zambiri inali mudzi umodzi usanagawikane, ndipo apa mwapeza chingwe cha ubale chimene mapu sanalembe. Manda okhala okha pakati pa minda, opanda mudzi wowatchula kuti ndi athu, ndiwo ofunika kuwafufuza msanga, chifukwa eni ake anapita kutali kapena anatha.

Zimandipweteka kuona kuti m'madera ena oyandikira tauni nkhalango za manda zayamba kudyedwa m'mbali, mtengo uwu wa nkhuni, uwu wootchera njerwa. M'nkhalango zimenezi ndi mmene mwatsalira mitengo yachilengedwe imene kale inadzaza chigwa chonsechi. Mukayerekeza chithunzi cha m'ndege chakale ndi cha lero, kuchepako kumaoneka ndi maso, ndipo n'chinthu choyenera kuwaonetsa a mfumu.

Chachisanu: sanjikizani akale ndi atsopano

Njira yosafuna magetsi ndi iyi. Ikani pepala loonekera kapena pulasitiki yoyera pamwamba pa mapu akale, mulembe mitsinje, mapiri ndi malo anu osasuntha aja ndi cholembera chakuda, midzi ndi njira ndi chofiira. Kenako sanjikani pepalalo pa mapu atsopano a sikelo yomweyo, mitsinje igwirizane. Paliponse pamene chofiira chagwera pamalo opanda kanthu, zungulizani. Amenewo ndi malo okayendera.

Amene ali ndi kompyuta angagwiritse ntchito Google Earth Pro, imene ndi yaulere. Imalola kuika chithunzi cha mapu anu pamwamba pa chithunzi cha setilaiti, n'kuchikoka m'makona mpaka zigwirizane, kenako n'kumachiwalitsa ndi kuchizimiritsa kuti muone zapansi. Ilinso ndi kachizindikiro ka wotchi kobwezera zithunzi m'mbuyo. Zakale kwambiri n'zosaoneka bwino, koma za zaka za m'ma 2000 kubwera kuno zimaonetsa nyumba ndi mitengo. Wofuna kulondola kwambiri aphunzire pulogalamu ya mapu ya QGIS, nayonso yaulere.

Pali msampha umodzi umene umagwira ambiri. Manambala a m'mphepete mwa mapu akale anawerengedwa pa muyeso wakale, monga Arc 1950, pamene foni yanu imagwiritsa ntchito muyeso wina wotchedwa WGS 84. Mukatenga manambala a papepala n'kuwalowetsa m'foni osasintha, mukaima pamalo olakwika ndi mamita pafupifupi 300, ndipo pa mtunda wotere bwinja mwalipitirira. Ngati pulogalamu yanu imalola kusankha muyeso, sankhani muyeso wa mapu anuwo ndi chigawo cha UTM 36 kumwera. Ngati simalola, siyani manambala, yezani mtunda kuchokera pa chinthu chosasuntha.

Chachisanu ndi chimodzi: dziwani zimene zinasuntha anthu kuno

Mukaona kuti mudzi wasowa pakati pa mapu awiri, musathamangire kupeka chifukwa. Yambani mwafunsa chimene chinachitika m'deralo pa zaka zimenezo. Mbiri ya Lilongwe ili ndi zikhomo zingapo zokuthandizani.

Atsamunda asanakhazikike, nkhondo za Angoni zinachititsa Achewa ambiri kukhala m'malinga kapena kukwera m'mapiri. Anthu a mfumu Mazengera anali pa phiri la Nkhoma pamene amishoni a Dutch Reformed Church anakhazikitsa mishoni kumeneko mu 1896. Mtendere utabwera anthu anatsikira kuchidikha, ndiye mabwinja akale kwambiri muwafune m'mphepete mwa mapiri. Ansembe a White Fathers anafika ku Likuni mu 1903, ndipo boma la Lilongwe linakhazikika mu 1904 m'dera la mfumu Njewa. Mishoni iliyonse inabala timasukulu ta m'midzi ndi njira zopitako. Nkhalango ya Dzalanyama inakhala yotetezedwa ndi boma mu 1922. Fodya wochiza ndi utsi anafala kuyambira m'ma 1920, pamene mzungu wina, A. F. Barron, anatsegula esiteti ku Mbabzi, ndipo mu 1926 kunabwera bungwe loona za fodya la Native Tobacco Board ndi misika yake. Misewu yambiri ya kumadzulo kwa boma lino inatsata fodya ameneyu. Malo a kafukufuku wa zaulimi ku Chitedze anatsegulidwa mu 1948.

Kusintha kwakukulu kunadza ufulu utabwera. Damu loyamba la Kamuzu ku Malingunde linamangidwa mu 1966, lachiwiri mu 1989, ndipo zimene mapu akale akuonetsa m'chigwa chimenecho, madimba ndi powolokera, pano zili pansi pa madzi. Mu 1968 inayamba ntchito yomanga likulu latsopano, limene linalowa m'malo mwa Zomba mu 1975, ndipo midzi imene inali pamalo a mzindawu inasamutsidwa. Munthu wokhala ku Area 18 kapena Area 47 akaona mapu a m'ma 1950 adzapeza minda, njira za miyendo ndi maina a midzi pamene lero pali mipanda ya njerwa. Njanji yochokera ku Salima inafika ku Lilongwe mu 1979 n'kupitirira ku Mchinji mu 1980, ndipo bwalo la ndege la ku Lumbadzi linayamba kugwira ntchito mu 1983. Zimenezi zimakuthandizaninso kudziwa msinkhu wa mapu opanda chaka: ngati palibe njanji ya ku Kanengo, zimene akuonetsa n'za 1979 isanafike.

Kumidzi, chimene chinasintha nkhope ya dziko kwambiri ndi ntchito yotukula ulimi ya Lilongwe Land Development Programme, imene inayamba mu 1968 ndi ndalama za World Bank. Inalambula misewu yambiri ya fumbi, inakumba mijigo ndi ngalande zopatutsa madzi a mvula, ndipo inamanga timalo ta misika ndi maofesi a alangizi. Anthu anayamba kusendera kumsewu ndi kumjigo, zitsime za kudambo n'kuzisiya. Mukaona msewu wowongoka umene pa mapu akale palibe, ndipo midzi yandanda m'mbali mwake, ganizirani nthawi imeneyi. Pansi pa malamulo a malo a 1967, minda ya mabanja m'madera ena a Lilongwe inayezedwa ndi kulembedwa m'kaundula, zimene akuluakulu amazikumbuka ndi dzina loti ndunda. Ngati kwanu kunafika ndunda, funsani ku ofesi ya zamalo za mapu a kaundulayo, chifukwa ndi a sikelo yaikulu kuposa 1:50,000 ndipo amasonyeza malo a banja lililonse.

Chachisanu ndi chiwiri: samalani ndi maina

Olemba mapu ankalemba mmene khutu lawo lamvera. Linthipe mudzampeza ali Lintipe, Diamphwe ali Diampwe, Nkhoma ali Mkhoma, ndipo l ndi r amasinthanasinthana. Dzina likakukanikani, litchuleni mokweza kangapo, limveka. Kumbukiraninso kuti mudzi umatchedwa ndi dzina la mfumu yake, ndipo anthu akasamuka amanyamula dzinalo. Dzina limodzi pa mapu awiri silitanthauza malo amodzi. Maina a madambo, mitsinje ndi zulu zikuluzikulu ndiwo amakhalitsa pamalo, koma ambiri a iwo sanalembedwe pa mapu alionse. Muwalembe inuyo.

Chachisanu ndi chitatu: dzerani kwa mfumu, khalani ndi akuluakulu

Masiku ano munthu wongotulukira m'munda mwa eni ali ndi mapu m'manja ndi foni yoyezera amaoneka ngati wodzagula malo, ndipo anthu ali ndi chifukwa chomveka chochitira mantha. Ngakhale muli mwana wa m'mudzi momwemo, yambani mwakaonekera kwa a nyakwawa, ndipo ngati mudutsa midzi ingapo, kwa a gulupu. Pitani ndi wina wodziwika, osapita chimanjamanja, ndipo fotokozani poyera: "Zikomo mfumu, ine ndine mdzukulu wa m'mudzi muno. Ndikufuna kulemba mbiri ya kumene makolo athu ankakhala kuti ana adzaidziwe. Za malire a minda sindikukhudzako." Pemphani kuti akupatseni munthu woyenda naye.

Pocheza ndi agogo, mapu asatsogole. Mukayamba ndi kuwaonetsa pepala la Chingerezi, ambiri amangovomera zimene lanena poganiza kuti zolembedwa sizinama. Afunseni kaye iwo: "Agogo, pamene munkakula, madzi munkatunga kuti? Kutchalitchi munkadzera njira iti? Ng'ombe zinkamwera pati? Fodya munkakagulitsa kuti, ndipo munkagona panjira kapena ayi?" Apempheni ajambule pansi ndi kamtengo, mtsinje apa, manda apa, mudzi apa, ndipo mujambule chithunzi cha zimene alembazo. Mukatero tulutsani mapu, muwatembenuze kuti kumpoto kwa pepala kuloze kumpoto kwenikweni, n'kumawawerengera maina mmodzimmodzi. Dzina limodzi loiwalika limatha kutsegula nkhani ya madzulo onse.

Musafunse kuti chinali chaka chanji. Funsani kuti zinachitika njala ya 1949 isanagwe kapena itapita, nthawi ya malimidwe pamene alangizi ankakakamiza migula, nthawi ya Chitaganya imene inali 1953 mpaka 1963, kapena Kamuzu atabwera mu 1958. Ndipo musamve kwa abambo okha. Kuno kwa Achewa mudzi umayenda ndi mbumba, amuna ambiri anabwera chikamwini, kotero amayi achikulire ndiwo anabadwira pamalopo ndipo amadziwa kuti nyumba ya amayi awo inayang'ana kuti. Agogo akatsutsana ndi mapu, lembani zonse ziwiri. Nthawi zina mapu ndiwo analakwa, makamaka pa maina. Nthawi zina onse akunena zoona, koma za zaka zosiyana.

Chachisanu ndi chinayi: kapondeni pamalopo

Nthawi yabwino ndi anthu atakolola, kuyambira July mpaka October, udzu utauma kapena utapsa, nthaka ikuoneka. Nyamulani fotokope osati mapu enieniwo, pensulo, madzi akumwa ndi foni yodzaza moto. Yambirani pa chinthu chosasuntha, monga pokumana mitsinje, muyende molunjika kumene mwazunguliza kuja mukuwerenga mtunda.

Bwinja limadziulula lokha kwa munthu woyenda pang'onopang'ono. Mitengo ya mango ikuluikulu yoima pagulu pakati pa munda, popanda nyumba pafupi, inabzalidwa ndi munthu pakhomo pake. Mzere wa nkhadze ndi mpanda wakale. Pamene panali nyumba pamakhala kachitunda kozungulira kosatalika, ndipo khasu likagunda pamatuluka zibuma zofiira za dothi lopsa. Pamene panali dzala nthaka imakhala yakuda, yofewa ngati phulusa, ndipo mwini munda adzakuuzani yekha kuti chimanga cha pamenepo chimaposa chinzake chaka chilichonse. Pakhola lakale pamamera kapinga wothithikana. Weramani muyang'ane m'mizere: mapale a miphika amakhala mbwee, ena ali ndi timizere tokongoletsa cha kukamwa, ndipo mwina mupeza mwala wa mphero wokumbika pakati, kapena mwanamphero wosalala wokwana m'dzanja. Miyala yakuda yolemera, yabowobowo, yooneka ngati inasungunuka, ndi zotsalira za ng'anjo yosungunulira chitsulo, ndipo malo otere ndi akale kuposa mapu alionse amene mungapeze.

Chilichonse mwapeza chijambuleni pomwe chili, pambali pake muike cholembera kuti kukula kwake kudziwike, ndipo musunge malowo m'foni. Musakumbe ndipo musatole. Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale, ndipo phale likachoka pamalo pake lataya theka la nkhani yake. Mukapeza ng'anjo, linga kapena zojambula pamwala, dziwitsani a mfumu ndi a Dipatimenti ya Museums and Monuments. Kumanda musalowe popanda chilolezo cha mfumu ndi munthu wokuperekezani. Mukauzidwa kuti mbali iyi ndi kudambwe, bwererani pomwepo osafunsa zambiri, ndipo malowo musawaike pa mapu oti aonedwe ndi aliyense.

Chakhumi: lembani tsiku lomwelo

Madzulo omwewo jambulani mapu anuanu papepala lalikulu: mitsinje ndi madambo ndi maina awo enieni, mudzi wa lero, mabwinja motsatana kuyambira lakale kwambiri, zitsime, njira ndi powolokera. Pa chinthu chilichonse lembani kumene mwachidziwira, kaya ndi pa mapu a chaka chakuti, kaya mwamva kwa agogo akuti tsiku lakuti, kaya mwaona ndi maso. Zimene mukungoganizira zilembeni ndi pensulo.

Pali pempho limodzi limene mudzalandire ndithu, ndipo muyenera kulikana. Wina adzabwera kuti mumubwereke mapu akalewo akaonetse kubwalo kuti munda wakutiwakuti unali wa agogo ake. Mapu a 1:50,000 sanajambulidwe kuti asonyeze malire a minda, ndipo mzere wa theka la milimita papepala ndi mamita 25 pansi, malo okwana kudanitsa abale mpaka imfa. Milandu ya malo ili ndi njira zake kwa mafumu ndi m'malamulo a malo a makolo a 2016. Mukangolola kamodzi, mawa lake palibe gogo amene adzakuuzeninso kanthu.

Mukamaliza, bwererani kwa amene munacheza nawo, muwawerengere zimene mwalemba kuti akonze pamene mwaphonya. Pangani mafotokope atatu: ina kwa a mfumu, ina kusukulu ya pulaimale ya m'deralo kuti aphunzitsi azigwiritsa ntchito, ina kwa wachibale wokhala kwina. Mapu enieniwo musawapinde. Akulungeni, muwaike mu paipi ya pulasitiki yotseka mbali zonse, ndipo muipachike pamwamba, kutali ndi chiswe ndi denga lodontha. Zithunzi ndi mawu amene munajambula m'foni zitumizeninso ku imelo yanu sabata yomweyo.